Malaya Amodzi, Mafilimu Asanu

Mlongo wanga anthu amamutcha Zitheka, ndipo dzinali sanapatsidwe ndi makolo. Linachokera pakamwa pake pomwe. Mukamupempha kanthu, kaya kukukwezerani bedi pamwamba pa galimoto, kaya kujambula ukwati Loweruka limene walonjeza kale maukwati ena awiri, amapendeketsa mutu, kumwetulira, n'kunena kuti, "Zitheka." Ali ndi malamba asanu ndi awiri koma mathalauzi awiri okha, chifukwa anthu ogulitsa malamba mumsewu wathu anamutulukira kalekale. Ine ndine wamkulu kwa iye, ndimasoka zovala, ndipo kukana ndinabadwa nako. Kasitomala akabwera ndi nsalu ya mamita awiri n'kumafuna diresi la mamita anayi, ndimamuonetsa khomo. Anthu ambiri sakhulupirira kuti tinayamwa bere limodzi.

Chakudya chake amachipeza pojambula maukwati ndi maphwando a ana omaliza sukulu. Amagona m'kachipinda kuseri kwa shopu yanga, momwe muli bedi, tebulo, mpando wothyoka chotsamira ndi kompyuta imene imalira ngati ikudandaula ikangotentha. Pamenepo ndi pomwe amadula ndi kulumikiza zithunzi, kuchotsa malo amene mkwati akuyasamula ndi amene apongozi akukanda m'khutu ndi kiyi. Ntchitoyo amaidziwa, pamenepo sindingamunamizire. Koma kwa zaka zitatu ankandiboola makutu ndi filimu yakeyake, yoti palibe wamutuma, ndipo ankati idzakhala ya mphindi khumi ndi ziwiri basi.

Filimuyo inali ya bambo athu. Mayi atamwalira, ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, iye zisanu ndi zinayi. Bambo ankagwira ntchito yotumikira mu ofesi, ndipo chibadwire anali asanagwirepo simbi. M'mawa wa tsiku lobwerera kuntchito anakana kuti ndiwasitire. Anaika makala m'simbi okha, n'kuyala malaya awo oyera patebulo, ndipo anawaotcha pafupi ndi thumba, chipsera chachikulu chooneka mphuno ya simbi bwinobwino. Anawavala choncho, n'kutembenukira kwa ife pakhomo. "Zaoneka bwanji?" Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, koma mlongo wangayo anandipitirira. "Mwatchena, ababa!" Bambo anamwetulira koyamba chiikireni maliro. Ndimakhulupirira kuti tsiku limenelo mwanayo anaphunzira kuti mawu okoma amadzutsa munthu wogwa, ndipo kuyambira pamenepo sanawasiyenso.

Choncho filimuyo inkafuna munthu mmodzi, chipinda chimodzi ndi simbi imodzi. Munthuyo anamupeza msanga. Anali bambo wina wopuma pa ntchito ya ulonda, wamanja aatali oyenda pang'onopang'ono, amene amalankhula mawu osaposa khumi patsiku. A Mlondawo anamvetsera nkhani yonse, n'kungofunsa kuti afike nthawi yanji. Mwa anthu onse amene anakhudza filimu imeneyi, ndi iwo okha amene sanapemphe kalikonse.

Vuto n'lakuti filimu ya munthu wopanda abwana imajambulidwa ndi zinthu zobwereka, ndipo chobwereka chilichonse chimabwera ndi mwini wake. Chipinda chokhala ndi windo lalikulu loloza kolowera dzuwa anachipeza kwa mayi ena a nyumba za lendi mumsewu wakumbuyo. "Tengani mwananga, chili chabe masiku ano," anatero mayiwo akumupatsa kiyi. Kiyiyo sanaisiye msanga. "Koma paja mwana wanga wamkazi uja amaimba. Simunamumvepo?"

"Zitheka, mayi."

Galimoto yonyamulira katundu inali ya amalume athu, munthu amene anapuma pa ntchito ali wachiwiri kwa wachiwiri kwa bwana, ndipo mpaka lero amamva kuti dziko linamumana mpata wolankhula. "Mphwanga, filimu yopanda munthu wovala jekete anthu saiwerengera," anatero. "Pafunika munthu wina wolemekezeka afike pa galimoto, alangize wamasiyeyo mawu awiri atatu." Nyale ziwiri zowala kwambiri ndi chingwe chachitali cha magetsi zinachokera kwa wometa wa pafupi ndi shopu yanga, amene ali mnyamata anaphunzirapo karate miyezi itatu. Iye sanazungulire. Anati filimu yopanda ndewu ndi ulaliki.

Ine ndinasoka malaya atatu ofanana oti aziotchedwa, ndi katani ya pawindo. Sindinapemphe kanthu ine. Ndinangonena kuti panyumba yoferedwa sipalephera kufika mayi woyandikana nawo wodzazonda, ndipo kuti mayi woteroyo amayenera kukhala munthu wodziwa kuvala komanso wosaopa kunena chilungamo. Ngati iye anamva kuti ndikunena za ine, limenelo ndi vuto la makutu ake.

Kujambula kumene kunayenera kutenga masiku awiri kunatenga masiku asanu ndi anayi. Mwana wa mayi a nyumba aja anaimba nyimbo zitatu ataimirira pawindo, n'kutseka dzuwa lomwe tinabwerekera chipindacho. Amalume anafika ndi mapepala anayi olembedwa mbali zonse, ndipo mawu awo awiri atatu aja anakhudza ulesi wa achinyamata, kusamala madzi ndi ubwino wodzuka m'mamawa. Wometa analowera pawindo ngati wakuba, anamenyana ndi mpweya, n'kugwetsa nyale yake yomwe. Ine ndinagogoda pachitseko kasanu ndi kawiri, chifukwa maulendo asanu ndi limodzi oyambawo diresi silinagwe bwino. Nthawi yonseyi a Mlonda anali chikhalire pabedi, malaya ali pamiyendo, kudikira kuti anthu amalize zawo. Tikabalalika madzulo, mlongo wanga ankatsala nawo awiriwiri kwa ola limodzi dzuwa lisanalowe, ndipo ine ndinkaganiza kuti akungolongedza zingwe.

Kenako inafika nthawi yodula, ndipo aliyense anayamba kubwera kudzaona pamene filimu yafika. Amalume anabwera Lachiwiri, anakhala m'kachipinda muja ola lathunthu, n'kutuluka akupukuta magalasi. "Mwana uyu ali ndi mutu," anandiuza. Wometa anabwera Lachinayi, ndipo ndinkamumva kudzera kukhoma akukuwa kuti, "Bwezera pamenepo! Bwezeranso!" Mayi a nyumba anabwera ndi mwana wawo, anatuluka onse awiri maso ali ofiira. Nanenso ndinaonetsedwa. Ndinaona filimu yabwino kwambiri yonena za mayi wina wanzeru amene amazonda munthu wamasiye n'kumuphunzitsa kusita, ndipo ndinauza mlongo wangayo kuti pomaliza wakula.

Chinsinsi chinaululika tsiku limene ndinalowa m'chipinda chake kufuna sizasi yanga. Iye anali atapita kukasamba, kompyuta ili yoyaka. Pagalasi la kompyutayo panali mafayilo asanu ondondozana: "ya amalume", "ya wometa", "ya amayi a nyumba", "ya achemwali", ndi yomaliza yolembedwa kuti "yanga". Ndinatsegula ya wometa. Ndinaona wamasiye akusita kwa mphindi imodzi, kenako ndewu ya mphindi makumi awiri, mwendo umodzimodzi ukuuluka katatu kuchokera mbali zosiyana. Ine munalibemo, ngakhale chigongono changa. Ndinatsegula ya amalume, namonso munalibe ine. Munthuyu anali atapangira aliyense filimu yakeyake, ndipo aliyense ankayenda mumsewu akudziwa kuti mwini filimu ndi iye.

Anandipeza nditagwira mbewa ya kompyuta, iye thaulo lili m'khosi.

"Iwe, ichi n'chiyani?"

"Achemwali, ndimafuna aliyense asangalale."

"Ndiye ukadzafuna kuonetsa anthu, udzaonetsa iti?"

"Zitheka."

"Nanga iyi walemba kuti yanga?"

"Imeneyo sinathe," anatero, n'kuzimitsa kompyutayo mofulumira.

Funso langa lija silinachedwe kufuna yankho. Kuli kagulu ka anthu okonda mafilimu amene amabwereka holo Loweruka lina masana n'kumaonetsa ntchito za anthu ongoyamba kumene. Anamuitana, ndipo anamuuza kuti filimu iliyonse isapitirire mphindi makumi awiri. Mlongo wanga, mwa chisangalalo, anauza wometa. Pofika madzulo msewu wonse unali utadziwa. Amalume anaimbira foni anzawo onse amene ankagwira nawo ntchito. Wometa anamata pepala pagalasi lake lometera, lolembedwa tsiku ndi nthawi. Mayi a nyumba anakaluka tsitsi la mwana wawo kutatsala milungu itatu, ndipo mtsikanayo ankagona chokhala kuti lisaphwasuke. Chinsalu choonetsera chinali chimodzi, ndipo anthu anayi tinkayembekezera mafilimu anayi osiyana.

Poyamba anayesa kuwaphatikiza onse. Zinatuluka maola awiri ndi mphindi makumi asanu. Wamasiye akuyatsa makala, wakuba akulowera pawindo, mtsikana akuimba wakubayo ali chigonere pansi, amalume akufika kudzalangiza onse za kusamala madzi, ine ndikugogoda. Anayesa kudula kuti zikwane mphindi makumi awiri, koma akachotsa chiganizo chimodzi cha amalume ankaona nkhope yawo, n'kuchibwezera. Anasiya kudya. Ankayenda atagwira pamimba, chikope chakumanzere chikugwedezeka chokha. Maukwati a anthu anaima, kamera inachita fumbi m'chikwama. Tsiku lina m'mawa ndinamupeza atapinda thupi pansi pa tebulo, thukuta lili kamukamu, ndipo nditamufunsa kuti wadzuka bwanji anati, "Bwinobwino, kaya inu achemwali." Ndinachita mantha enieni, ndipo ine ndikachita mantha ndimakalipa. Ndinamukalipira njira yonse mpaka kuchipatala.

Adokotala anali bambo wachikulire wosafulumira. Anamukanikiza pamimba, anamufunsa zimene amadya, n'kunena kuti ndi zilonda za m'mimba zongoyamba kumene. Kenako anafunsa kuti chikumusowetsa mtendere n'chiyani. Iye anati palibe. Ine ndinafotokoza zonse, kuyambira malamba mpaka mafayilo asanu. Adokotala anaseka mpaka kuchotsa magalasi.

"Komatu nanenso kusukulu ndinkachita zisudzo," anatero. "Ndinakhalapo mfumu. Simungandipezereko kamalo?"

"Zitheka, adokotala. Pali pena pamene wamasiye uja angadwale..."

Ndinamuponda phazi. Adokotala anasiya kuseka.

"Ndimakuyesani, achimwene. Mapilitsi ndikupatsaniwa azimitsa moto uli m'mimbamu, koma wosonkhezera nkhuni ndi inuyo. Mukapitiriza chonchi tionananso mwezi wamawa, ndipo mudzabwera mutanyamulidwa. Muzidya pa nthawi yake, muzigona, ndipo tsiku lililonse muzikana chinthu chimodzi. Chaching'ono chomwe, bola mukane."

Pobwerera tinakhala pabenchi podikira basi, iye atagwira kapepala ka mankhwala. Ndinamufunsa, mosakalipa ulendo uno, kuti chimavuta n'chiyani pa kamawu kakafupi koti ayi.

"Ndikakana, nkhope ya munthu imagwa, achemwali. Ndikaiona ikugwa ndimamva ngati munthuyo achoka ndipo sabweranso. Ndiye ndimati bola ndivutike ine, iye akhale."

Ndinamva chisoni, ndipo ndinachitanso manyazi kuti zaka zonsezi ndinkamuseka ngati munthu wofooka chabe.

Koma chisoni sichiphunzitsa munthu, choncho ndinatsegula sukulu mu shopu mwanga. Madzulo alionse ndikatseka makina, ndinkavala jekete la kasitomala wina limene linkadikira mabatani, n'kukhala amalume.

"Mphwanga, mawu anga aja uwasiye onse mmene alili."

"Ayi, amalume. Kapena tingochotsako theka?"

"Walephera. Tiyambirenso."

"Pepani, achemwali."

"Usapepese!"

"Pepani."

Ndinakhalanso wometa, nditanyamula sizasi. Ndinakhala mayi a nyumba, ndikulira ndi misozi yeniyeni, chifukwa luso la zisudzo ndili nalo ndithu. Ndinamuphunzitsa kuti akakana asamawonjezere "koma", asamamwetulire ngati wapalamula, ndipo asamathawe. Lolemba anakana munthu wogulitsa malamba, ngakhale kuti atangokana anathamangira mu shopu n'kubisala kuseri kwa madiresi. Lachitatu anakana kapu yachiwiri ya tiyi kwa azakhali athu, chinthu chimene m'banja mwathu sichinachitikepo. Lachinayi anakana kujambula phwando la mwana wa chaka chimodzi, kenako anagona masana onse kukamwa kuli yasaa. Lachisanu anadzitsekera ndi kompyuta yake, ndipo nditagogoda anayankha ali mkati momwemo kuti, "Ndikugwira ntchito, achemwali." Ndinabwerera ku makina anga ndikunyadira. Ndinali ndi ntchito nanenso, chifukwa ndinkamaliza diresi loti ndikavale ku holo. Mumtima ndinkawamvera chisoni amalume ndi wometa, podziwa zimene zikuwadikira.

Loweruka holoyo inadzaza. Mawindo anawatchinga ndi mabulangete kuti dzuwa lisalowe, ndipo munkatentha. Amalume anakhala kutsogolo ndi anzawo asanu a majekete. Wometa anatseka shopu n'kubwera ndi makasitomala ake, wina atametedwa mbali imodzi. Mtsikana woimba uja anakhala mowongoka khosi ngati wasenza ndowa. Ine ndinasankha mpando wa m'mbali mwa kanjira, kuti anthu akafuna kundiona pomaliza asavutike. Anaonetsa mafilimu awiri a anthu ena, kenako anatchula mlongo wanga. Anaimirira kutsogolo n'kunena kuti filimuyo ndi ya mphindi khumi ndi ziwiri ndipo akuthokoza onse amene anamuthandiza. Amalume anatembenukira kwa anzawo n'kunong'ona kuti mwanayo walakwitsa nambala chifukwa cha mantha.

Pachinsalu panaoneka chipinda, kuwala kukulowa pawindo popanda woimirirapo. A Mlonda anakhala pabedi nthawi yaitali, kenako anadzuka kukayatsa makala. Anapemerera ndi chivundikiro cha poto. Anayala malaya, anayesa simbi ndi chala chonyowa, n'kuyamba ndi mkono umodzi mosadziwa koyambira. Panalibe nyimbo, kunkangomveka kulira kwa simbi patebulo ndi phokoso la msewu chapatali. Nditaona katani yanga ndinagunda mayi amene ndinakhala naye pafupi, ngakhale sindinkamudziwa. Ndinkadziwa kuti ine ndimagogoda simbi ikangofika pa kolala. Simbi inafika pa kolala, inadutsa, ndipo chitseko chinangokhala chete.

Kenako a Mlonda anaona diresi la mkazi wawo litapachikika pa msomali kuseri kwa chitsekocho. Analiyang'ana, simbi ili chikhalire pamalaya, mpaka utsi unayamba kukwera. Anainyamula mochedwa. Anavala malayawo ndi chipsera chake, anamanga mabatani onse mpaka la pakhosi, n'kutembenukira kukhomo ngati pali woti amufunse. Panalibe munthu. Anaima choncho kanthawi, anawongola kolala, n'kutuluka. Ine ndinali nditaiwala zogogoda zija. Ndinawaona bambo anga, ndipo ndinalira mpaka kunyowetsa kutsogolo kwa diresi latsopano.

Filimu itatha, anthu osatidziwa anaomba m'manja kwambiri, ndipo bambo wina anapita kukagwira chanza a Mlonda ndi manja awiri. Anthu otidziwa ndi amene anavuta. Amalume anadzuka mayina a othandiza akadali kuyenda pachinsalu, anadutsa pafupi ndi mlongo wanga osamuyang'ana, anzawo a majekete akuwatsatira pamzere. Mayi a nyumba anamuimirira pamaso, mwana wawo akufwenthera kumbuyo.

"Ndiye nyimbo zitatu zonse zija mwazimeza?"

"Sizinali za filimu imeneyi, mayi."

"Mubwezeremo imodzi yokha."

"Ayi, mayi."

Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anagwira mwana wawo padzanja, n'kutuluka. Wometa anapukusa mutu, n'kunena kuti wakhala akudikira kuti mwina wakuba alowa kumapeto, ndipo kuti nyale zake ankazifuna Lolemba m'mawa. Mlongo wanga anayankha aliyense ataimirira malo amodzi, manja ali kumbuyo.

Holo itatsala ndi mipando yokha ndi a Mlonda akuwodzera pakona, ndinapita kwa iye. Misozi inali itauma, ndipo mkwiyo unali utabwerera pamalo pake. Kunena zoona zinandiwawa. Pophunzitsa munthu kukana sindinaganizepo ngakhale kamodzi kuti nanenso ndili pamzere.

"Iwe, mphindi khumi ndi ziwiri zonsezo, sunapeze ngakhale theka la mphindi la mchemwali wako? Ndinagogoda kasanu ndi kawiri ine."

"Ndikudziwa, achemwali."

"Ndiye ukaonetsanso kwina undiikemo. Kugogoda kokhako, ngakhale nkhope isaoneke."

Ndinaona mutu wake ukuyamba kupendekeka mwachizolowezi, kenako anauwongola.

"Ayi, achemwali. Tsiku lija ababa anaotcha malaya, palibe amene anagogoda."

Sanamwetulire, sanapepese, ndipo sanathawe. Anangoima akuyang'ana nkhope yanga ikugwa, kenako maso ake anapita kuchitseko chimene amalume ndi mayi a nyumba anatulukira, n'kubwereranso kwa ine. Ankadikira kuti nanenso ndituluke ndi chikwama changa. Munthu wa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndevu zili mbuu, ankapuma ngati mwana wotayika pamsika.

Chikwamacho ndinachiika pansi. Ndinavula nsapato zazitali zimene zinkandiluma kuyambira m'mawa, n'kuyamba kusanjikiza mipando.

"Ukuyang'ana chiyani?" ndinatero. "Gwira mbali inayo. Ndikadali wokwiya, ndipo ndikhala wokwiya mpaka Lachitatu, koma ndili pompano."